Funsani Azakhali: Sukulu yalowa mufoni, nanga ife a foni imodzi titani?

Moni nonse a mu Lilongwe muno ndi kwina konse komwe mukuwerengera. Sabata ino, mu Febuluwale wa 2021, makalata abwera ambiri zedi koma nkhani yake ndi imodzi basi, ana ali pakhomo. Mukukumbuka chaka chatha cha 2020 sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha mliri wa Corona, a sitandade 8 ndi folomu 4 anabwerera pa 7 Sepitembala, enawo mpaka pa 12 Okutobala, ndiye tinkati basi zatha, chaka chatsopano chayamba bwinobwino mu Januwale, mayunifolomu tasoketsa, fizi ena talipira. Masabata awiri okha Corona uja wabweranso ndi ukali wake, nduna ziwiri a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama kumwalira tsiku limodzi, ku Bingu Stadium komwe timakaonera mpira kuikako mabedi a odwala, pa 18 Januwale sukulu kutsekanso. Poyamba anati masabata atatu, pano awonjezera ena awiri. Ine choko ndinagwira zaka 31 ndisanapume koma zoterezi sindinazionepo. Tiyeni tione makalata anu, ena ndawafupikitsa chifukwa munalemba ngati mayeso a Chichewa pepala lachiwiri.

FUNSO: Azakhali, ine ndi mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 koma geni yanga ya kaunjika ndimapangira kumsika wa Tsoka. Wamkulu ali folomu 2, wachiwiri sitandade 7, wamng'ono sitandade 3. Aphunzitsi a wamkuluyu anatsegula gulupu ya WhatsApp akumatumiza manotsi ndi mavidiyo, koma foni yotacha ndi imodzi yokha nyumba yonse ndipo ndimapita nayo kumsika poti makasitomala amandipezera pomwepo, ndikamafika madzulo ndatopa, foni yatha moto, mwina magetsi kulibe, bandulo ndikaika ya sabata ikutha masiku awiri kaya ikumapita kuti. Bambo awo ntchito inaima chaka chatha. Ana akungokhalira kumenyana ndi kuonera mafilimu kwa aneba. Ndikuona ngati ndikuwalakwira ana anga, nditani? (Mayi wa ku Area 25)

YANKHO: Achemwali khalani pansi kaye mumwe madzi. Simukulakwira mwana aliyense. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba za magetsi m'Malawi muno ndi pafupifupi 11 pa 100 zilizonse, zokhala ndi foni zinangopitirira theka pang'ono, ndipo inu mukudziwa kuti zambiri ndi za mabatani zija. Ndiye sukulu ya mufoniyi anaisokera anthu ochepa, ambirife tikungoivala mokakamiza ngati nsapato yobwereka. Inu muli ndi yotacha imodzi, mwayamba kale patsogolo.

Tiyambe ndi bandulo yothawayo. Sikuti akukuberani ayi, wakuba ali mufoni mwanu momwemo. WhatsApp ikatcheredwa choncho imadzitsitsira yokha chilichonse chomwe chalowa, ndiye gulupu ya mvano, gulupu ya banki m'khonde, ya maliro a kumudzi, ya azimayi a kaunjika, onsewo akatumiza vidiyo ya munthu akuti mandimu ndi jinja amapha Corona foni ikumeza basi. Lowani mu Settings, pitani pa Storage and data, pamene palembedwa Media auto-download chotsani zonse, zithunzi, mavidiyo, zonse. Kuyambira pamenepo chotsika ndi chokhacho chomwe mwachidina ndi chala chanu. Ndipo data muzizimitsa mukamaliza, musamayende nayo ili yoyatsa tsiku lonse. Chinthu chodya bandulo kwambiri ndi vidiyo, choncho musachite manyazi, alembereni aphunzitsi pambali mwaulemu kuti ngati nkotheka azijambula tsamba la manotsi kapena azitumiza mawu okha, nawonso akulira ndi bandulo yomweyo ndipo mwina akuthokozani. Chinanso, pezani makolo atatu kapena anayi a kalasi yomweyo okhala kufupi, sabata ino atsitse mmodzi enawo atenge pa Bluetooth kapena pulogalamu yotumizirana zinthu ya Xender zomwe sizidya yunitsi ngakhale tambala, sabata yamawa atsitse wina. Muvale masiki pokumanapo, muimirire panja, si nthawi yolowa m'nyumba kukamwa thobwa ino.

Tsono nkhani yaikulu ndi iyi, sukulu ichoke mufoni ilowe mukope. Mwana safunika foni tsiku lonse, akakhala nayo tsiku lonse ndiye kuti sakuphunzira. Foni muzitchajitsa kumsika konko musananyamuke, mukafika mpatseni wa folomu 2 mphindi 30 zokha, akopere ntchito yonse ya mawa mukope ndi dzanja lake, masana agwire ntchitoyo inu muli ku Tsoka ndi foni yanu, madzulo mujambule zomwe walemba mutumize kwa aphunzitsi. Kukoperako ndi kuphunziranso, mwana wolemba ndi dzanja zimamukhala m'mutu kuposa wongotsetsereza chala pagalasi. Chaka chatha unduna wa maphunziro unagwirizananso ndi makampani a foni kuti ana a sekondale azitsegula manotsi a folomu 1 mpaka 4 pa intaneti mosadya bandulo, afunseni aphunzitsi omwewo akuonetseni polowera.

Awiri ang'onowo awo ndi a wayilesi. Maphunziro a Tikwere aja omwe unduna unabweretsanso pa MBC sukulu zitatsekedwa anapangidwa mwakuti mphunzitsi wa pawayilesi amafunsa nkusiya mpata kuti mwana ayankhe, ndiye asamamvere atagona chagada ngati akumvera za m'maboma, akhale tsonga, kope ndi pensulo m'manja, akafunsidwa ayankhe mokweza. Funsani ahedi nthawi yake mulembe pakhoma. Ngati wayilesi mulibe, kafoni ka mabatani kali ndi FM, mungolowetsa mahedifoni chifukwa waya wakeyo ndi amene amakoka, ndipo batire yake imakhala masiku isanathe.

Maola awiri patsiku akwana, musawapanikize kuyambira 7 koloko mpaka 2 koloko ngati kusukulu, mudana nazo nonse pofika Lachitatu. Koma akhale maola omwewomwewo tsiku lililonse, adzuke, asese, asambe, adye kaphala, akhale pamphasa. Anzanga omwe akuphunzitsabe anandiuza kuti ana atabwerera mu Okutobala vuto silinali manotsi otsalira ayi, manotsi amathamangitsika, vuto linali loti mwana waiwala kukhala pansi, pensulo akuigwira ngati mpini wa khasu, wa sitandade 2 waiwala mpaka a e i o u. Chizolowezi ndi chimene chimathawa msanga.

Koma achemwali pali mzere umodzi m'kalata yanu womwe ndauwerenga kawiri. Mwati bambo awo ntchito inaima. Ndiye masana amakhala kuti? Pabawo? Ahedi a sukulu ya pakhomo panu ndi amenewo. Safunika kudziwa fizikisi, angokhala pampando pakhonde ndi wotchi, aone kuti makope atsegulidwa. Awerengereni yankho lino, munene kuti anena ndi Azakhali.

FUNSO: Azakhali, ana anga awiri ali pasukulu ina ya pulayiveti kuno ku tauni. Sukulu ikufuna fizi yonse ya teremu pamene ana akuphunzira pa Zoom, ndipo kalasiyo imaduka pakatha mphindi 40, nthawi zina aphunzitsi salowa nkomwe akuti netiweki. Bandulo ndikugula ndine, chakudya cha masana akudya kwanga, basi ya sukulu sikubwera. Akuti osalipira amuchotsa mugulupu. Ine bizinesi yanga ya ma lodge inagwa, alendo kulibe. Kodi uku si kuba? (Bambo wokwiya, Area 49)

YANKHO: Bambo mkwiyo wanu ndaumva mpaka kuno. Koma ndiyambe ndi mbali yomwe simukufuna kumva. Mphunzitsi wa pulayiveti malipiro ake ndi fizi yanuyo, alibe Capital Hill yomutumizira ndalama pa 27, ndipo chaka chatha ambiri anakhala miyezi osalandira kanthu, ena ndinawaona ndi maso anga akugulitsa tomato ndi zigege. Ngati makolo nonse mukana kulipira kalikonse, tsiku lotsegulira mukapeza geti yokha, aphunzitsi abwino atapita kwina. Zoduka pa mphindi 40 zija ndi Zoom yaulere imatero, kutanthauza kuti sukulu sinalipire yake, funso labwino lokawafunsa limenelo.

Koma fizi yonse ayi, pamenepo ndili nanu. Mufizi muja muli chakudya, mafuta a basi, madzi, magetsi, zamasewero, zinthu zomwe mwana sakuzigwiritsa ntchito ali pakhomo panu. Apempheni akulembereni kuti ndalama yonseyo imagawidwa bwanji, nkunena kuti ya maphunziro tilipira, ya basi ndi mpunga ichoke kapena isungidwe ya teremu yamawa. Musapite nokha, munthu mmodzi amangomuuza kuti adayirekita atuluka. Pitani kudzera ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi, mulembe kalata imodzi musayine ambiri, ndipo chilichonse mwagwirizana, kaya kulipira pang'onopang'ono katatu, chilembedwe papepala, malisiti musunge. Zikakanika ofesi ya maphunziro ya Lilongwe Urban ilipo, ndipo a Competition and Fair Trading Commission omwe amamva madandaulo a ogula ali mumzinda momwe muno.

Chomwe ndikuletseni ndi kutukwana mugulupu ya kalasi. Inu mudzaiwala, koma mwana wanu ndi amene adzakhale kutsogolo kwa mphunzitsi yemwe munamutchula wakuba anthu 60 akuwerenga. Ndipo ngati thumba lakanadi, kusamutsira mwana ku sukulu ya boma si imfa, pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, inde makalasi ndi odzaza koma madokotala ambiri omwe akutisamalira kuchipatala cha Kamuzu Central panopa anadutsa momwemo, atakhala pansi pa mtengo ena.

FUNSO: Azakhali, kalata iyi akundilembera ndi mwana wa aneba chifukwa ine sukulu sindinapite, dzina langa lokha ndimadinda ndi chala. Ndikulera zidzukulu ziwiri, mayi awo anamwalira, wina ali sitandade 2 wina sitandade 4. Foni ndilibe, wayilesi inafa. Anthu akuti makolo tiziphunzitsa ana pakhomo, ine ndiwaphunzitsa chiyani poti pepala ndimaliona ngati nyerere zayenda? Komanso phala lomwe ankamwa kusukulu lija ndi limene linkawasunga mpaka madzulo. (Agogo a ku Chinsapo)

YANKHO: Agogo, ndagwada pansi kukupatsani moni, ndipo iwe mwana wa aneba uwerenge pang'onopang'ono agogo amve zonse, usadumphe.

Agogo inu ndinu mphunzitsi kale, kungoti boma silinakulembeni. Mwana wa sitandade 4 mumuuze kuti maso anga akalamba, tandiwerengere, atenge buku lake la Chichewa awerenge mokweza inu mukusenda nyemba. Simufunika kuona pepalalo, khutu lanu likwana, Chichewa mumachidziwa kuposa buku, akawerenga chinthu chosamveka mumuimitsa nokha kuti iwe wati chiyani pamenepo, tabwereza. Akamaliza mumufunse kuti tsono Kalulu anatani, bwanji anatero, ukanakhala iwe ukanatani. Ife kusukulu timachitcha kumvetsa nkhani ndipo timapereka malikisi pa zimenezo. Buku likasowa awerenge chilichonse, buku la nyimbo la kutchalitchi, kabuku ka kusikelo, pepala lokulungira bonya, thumba la feteleza, zikwangwani za pamsewu wa ku Likuni mukamapita kuchigayo. Kenako wamkuluyo aphunzitse wamng'ono malembo, alembe pansi ndi kamtengo kapena ndi khala pasimenti, kope si lofunika tsiku lililonse.

Masamu ndiye musandiuze kuti simudziwa, palibe wogulitsa makala ku Chinsapo yemwe anakuberanipo chenje. Atoleni zitsekerero za mabotolo, njere za chimanga, timiyala, aziika milu ya khumikhumi. Mukamutuma mumufunse asananyamuke kuti ndakupatsa K500, sopo ndi wakuti, ubwera ndi zingati. Madzulo padangotero, tili tonse, ndagi, gize, zija munkachita ndi agogo anu pamoto, ndi sukulu imeneyo, mwana wodziwa kumvetsera nthano mpaka kumapeto nkuibwereza savutika m'kalasi. Ine ana omwe ankandivuta sanali ochokera kwa makolo osaphunzira, anali ochokera m'nyumba zomwe palibe wowalankhulitsa.

Za wayilesi, pali nyumba yapafupi yomwe ili nayo, pemphani kuti nthawi ya maphunziro aziyitulutsa pakhonde ana akhale patalipatali, mwana wa mnzako ngwako yemwe, sindikhulupirira kuti angakane.

Za phala zandikhudza, Febuluwale ndi mwezi woipa ngakhale chaka chopanda mliri. Chaka chatha m'masukulu ena a phala makolo ankaitanidwa kukatenga ufa kupita nawo kunyumba. Pitani kwa ahedi, aphunzitsi ambiri amakhala pasukulu pompo ngakhale yatsekedwa, mukafunse, ndipo mukaonanenso ndi amayi a mother group, gulu la amayi othandiza ana pasukulu, ndi amfumu a m'dera lanu kuti dzina lanu lilembedwe pa mabanja olera ana amasiye, thandizo likabwera amayambira pa mayina omwe ali m'kaundula. Musakhale chete m'nyumba agogo.

FUNSO: Azakhali ndithandizeni mutu wanga sukugwira. Ndikusunga mwana wa achimwene anga, mtsikana wa zaka 15, ali folomu 1 ndipo ndi wanzeru. Chitsekereni sukulu ndimamutuma kukagulitsa mandasi kusiteji. Pano ndamupeza ndi foni yomwe sindinamugulire, akuti anamupatsa ndi mnzake kuti aziphunzirira, koma anthu andiuza kuti ndi bambo wina wa kabaza yamoto, wamkulu, wapabanja. Mwezi uno akusanza m'mawa. Amuna anga akuti ngati ili mimba apite kwa mwiniwakeyo akamukwatire, tisachite manyazi. (Azakhali ake, Mtandire)

YANKHO: Mayi, iyi ndiyankha mosazungulira. Mwanayo sapita kwa bambo ameneyo, kaya pali mimba kaya palibe. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kutseka kampata kaja koti makolo akavomera mwana wa zaka 15 akhoza kukwatiwa. Ndiye amuna anu akamupereka, nawonso alowa m'mlandu. Ndipo munthu wamkulu wogona ndi mwana wa zaka 15 si mkamwini, ndi wopalamula, zoti anagwirizana kapena anamugulira foni kukhoti sizimveka.

Mawa m'mawa mutengeni mupite naye kuchipatala, inu nomwe, osati kumutuma. Akamuyeze mimba komanso matenda, HIV ndi ena. Ku Kamuzu Central kuli One Stop Centre komwe achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha ana amathandizira pamodzi kuti mwana asamafotokoze nkhani yomweyo maofesi asanu, komanso kupolisi kuli Victim Support Unit. Ngati mukuopa poyambira imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere. Foniyo musaiphwanye ndi mkwiyo ndipo musafufute mauthenga, ndi umboni umenewo.

Koma musanapite kulikonse, usiku uno, khalani naye awiriwiri kuchipinda, opanda amuna anu, opanda aneba pawindo. Musamumenye, musamutchule mayina. Mwana woopa amathawa, kapena anzake amamupatsa zomwa zoopsa, ndipo ine ndinaikapo mwana wa kalasi yanga chifukwa cha zimenezo, zaka zapita koma desiki yake ndimaionabe. Mumuuze kuti chilichonse chomwe chachitika ukhala pano ndipo sukulu upitiriza.

Chifukwa apitirizadi. Malawi ali ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka kuyambira 1993, mumakawadziwitsa ahedi, malo ake amasungidwa, ndipo a mother group ntchito yawo ndi yomweyi. Simuli nokha pa vutoli, kafukufuku wa boma chaka chatha anapeza atsikana oposa 40,000 omwe anatenga mimba ndi ana pafupifupi 13,000 omwe analowa m'banja m'miyezi yomwe sukulu zinali zotseka. Anthu amaona ngati sukulu ndi masamu ndi Chingelezi basi, koma sukulu ndi mpandanso, kuyambira m'mawa mpaka masana mwana amadziwika komwe ali.

Sindikukuweruzani pa za mandasi, pakhomo pamafunika ndiwo. Koma kwa ena nonse owerenga, ngati mtsikana akupita kusiteji asapite yekha, asachedwe mpaka mdima, ndipo foni yachilendo ikalowa m'nyumba ndi dzina loti ya sukulu, funsani tsiku lomwelo kuti wagula ndani.

FUNSO: Madamu, ndine mphunzitsi wa sitandade 5 pasukulu ya boma, ana 118 m'kalasi. Ndinatsegula gulupu koma makolo omwe alimo ndi 23, oyankha ndi 6, ena amangotumizamo maluwa a good morning. Bandulo ndi ya m'thumba mwanga. Makolo ena akundipempha kuti ndiziphunzitsa ana kunyumba kwanga azilipira kangachepe. Ndivomere? (Mphunzitsi, Kawale)

YANKHO: Mwanawe, poti wanditchula madamu ndikuyankha ngati tili mu staff room. Za kusonkhanitsa ana kunyumba kwako ayi. Sukulu anatseka kuti ana asaunjikane, iwe ukawaunjika pabalaza lako la mamita atatu, mmodzi akakhosomola dzina lako lidzamveka Kawale yense mpaka ku Biwi, ndipo ntchito ukhoza kuitaya chifukwa cha ndalama ya sopo. Komanso olipirawo ndi omwe ali kale mugulupu, 95 enawo atsalirenso kawiri.

Ganizira 95 amenewo. Lemba ntchito ya sabata yonse papepala limodzi, masamu khumi, ndime imodzi yowerenga ndi mafunso ake, kalata imodzi yoti alembe, basi. Kambirana ndi ahedi ndi a komiti ya sukulu, ngati pali kandalama apange fotokope, ngati palibe lemba pa tchati umate pawindo la kalasi kapena pabolodi ulitulutse pakhonde, ana azibwera ochepaochepa Lolemba kudzakopera, Lachisanu kudzaponya makope mukatoni. Makolo 23 aja uwasandutse nthambi, aliyense atenge ana anayi apafupi omwe kwawo kulibe foni. Uthenga wamba wa SMS umafika ngakhale pa kafoni ka mabatani, mzere umodzi woti tsegulani buku la masamu tsamba lakuti ukwana. Ndipo chonga, ngakhale kungoika tiki ndi kalembo koti wayesetsa, mwana akalemba kawiri osachongeredwa kachitatu salemba.

Usayambe mitu yatsopano yovuta, bwereza zomwe akudziwa kale zisathawe. Ndipo mayina a ana omwe sanaonekeko ngakhale kamodzi uwalembe padera upereke kwa ahedi ndi a mother group, amenewo ndi omwe tsiku lotsegulira sadzabwera ngati palibe wokawagogodera. Za maluwa a good morning, WhatsApp ili ndi poti otumiza akhale ma admin okha, tseka pamenepo, mafunso azikutumizira pambali nthawi yomwe waika iwe, apo ayi adzakuimbira 11 koloko usiku kufunsa LCM.

FUNSO: Azakhali ine ndili folomu 3. Ndimafuna kuwerenga koma mutu sukulowa, ndimaona ngati palibe phindu poti a folomu 4 chaka chatha anawerenga mpaka mayeso anabedwa nkulembanso mu Januwale. Kunyumba phokoso, tili asanu ndi awiri zipinda ziwiri. Komanso bambo akukana kundigulira foni yangayanga pamene anzanga onse ali nazo. Auzeniko. (Mnyamata wa ku Mchesi)

YANKHO: Mwanangu, zoona MSCE inaimitsidwa mu Novembala mapepala atabedwa ndipo zinawawa, koma taona, analembanso, ndipo amene anasiya kuwerenga mu Disembala ndi amene analira kawiri. Kutopa kwakoko si ulesi, ana ambiri akumva chimodzimodzi, wasowa anzako, wasowa belu, masiku onse akufanana. Dzuka 4 koloko nyumba ili zii, werenga ola limodzi ndi theka ndi katochi, phunziro limodzi lokha, kenako tseka buku ulembe zomwe wakumbuka osaonera. Bwereka mapepala a mayeso akale a MANEB kwa omwe angomaliza kumenewa, pano sakuwafunanso, ndipo mabuku a Malawi College of Distance Education aja omwe a open school amagwiritsa ntchito analembedwa kuti munthu aziphunzira yekha popanda mphunzitsi, ukawapeza usawasiye. Peza mnzako mmodzi, mmodzi ndati, muzikumana panja pansi pa mtengo kawiri pasabata mutavala masiki muzifunsana mafunso.

Za foni, bambo ako sindiwauza kanthu. Kalata yakoyi wanditumizira 1 koloko usiku pa foni ya mayi ako, ndipo pa chithunzi cha manotsi chomwe waphatikizapo pamwamba pakuoneka kuti gemu ya PUBG inali yotsegula. Ukandionetse kope la biology lodzaza pofika pa 22 Febuluwale, tsiku lomwe akuti sukulu zitsegulidwa, tikambirana.